Chingwe cha Fibra: Kodi Tichilowetse M'nyumba Zathu?

Masiku ano tikumva mawu atsopano pa wailesi ndiponso kwa ana athu ochokera ku Lichinga. Mawuwo ndi akuti fibra. Abale athu a tsidya lija la nyanja, ku Malawi, amati faiba. Otsatsa malonda amanena kuti fibra ndiyo intaneti yothamanga kuposa ina iliyonse, ndi kuti banja lofuna chitukuko liyenera kukhala nayo m'nyumba.

Kodi zimenezi n'zoona kwa ife? Kodi msodzi wa ku Meluluca kapena mlimi wa chinangwa wa ku Ngoo ayambe kusunga ndalama poyembekezera chingwe chimenechi? Anzathu, tisafulumire kuyankha. Poyamba tichidziwe chinthucho.

Fibra n'chiyani?

Fibra ndi ulusi wa galasi. Ulusi umodzi ndi wowonda ngati tsitsi la m'mutu. Amaukuta ndi pulasitiki kuti usathyoke, kenaka amaphatikiza ulusi wambiri m'chingwe chimodzi chakuda, chonenepa ngati chala. Chingwecho amachikwirira pansi m'mbali mwa msewu, kapena amachipachika pa mitengo monga amachitira ndi mawaya a magetsi.

M'mawaya a magetsi mumayenda mphamvu ya magetsi. Mu fibra mumayenda kuwala.

Ife a kunyanja tikudziwa kale kuti kuwala kumanena zinthu. Usiku wa mdima, asodzi a usipa akayatsa nyali zawo pakati pa nyanja, munthu wa kumtunda amadziwa pamene pali mabwato ngakhale sakumva mawu awo. Tsono tiganize za munthu wogwira tochi. Akamayatsa ndi kuzimitsa, mnzake wa patali angamve uthenga, malinga ngati awiriwo anapangana kale tanthauzo lake. Fibra imagwira ntchito chimodzimodzi. Ku nsonga imodzi ya ulusi kuli kanyali kamene kamayaka ndi kuzima nthawi mamiliyoni ambirimbiri pa sekondi imodzi. Ku nsonga inayo kuli kachipangizo kowerenga kuphethira kwa kanyaliko. Mawu athu, zithunzi zathu ndi makalata athu zimasandutsidwa kuphethira kwa kuwala, ndipo zikafika uko zimasandutsidwanso mawu ndi zithunzi.

Kuwala kumayenda m'galasi makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi imodzi. Chotero uthenga wochokera ku Maputo umafika ku Lichinga munthu asanamalize kuphethira. Agogo athu ankadikira kalata masabata, kufikira itabwera ndi sitima ya mishoni ya Chauncy Maples, imene inayamba kuyenda pa nyanja yathu m'chaka cha 1901.

Nzeru ya fibra si ya dzulo. M'chaka cha 1966, katswiri wina dzina lake Charles Kao, akugwira ntchito ku England, anaonetsa kuti galasi loyeretsedwa bwino lingathe kunyamula kuwala mtunda wautali. M'chaka cha 1970 kampani ya Corning ya ku America inapanga ulusi woyamba wotere.

Chingwe chafika pati?

Maiko amalumikizana ndi zingwe za fibra zimene zinagonekedwa pansi pa nyanja yamchere. Chingwe chotchedwa SEACOM chinafika ku Maputo m'chaka cha 2009. China chotchedwa EASSy chinafika komweko m'chaka cha 2010. M'chaka cha 2023 chingwe chotchedwa 2Africa chinatulukira ku Nacala, ndipo ichi ndicho choyandikira kwa ife a kumpoto.

Kuchokera ku gombe la nyanja yamchere, zingwe zina zimalowa kumtunda. Kampani ya boma ya TDM, imene pambuyo pake inaphatikizana ndi mcel n'kukhala Tmcel, inafikitsa fibra m'malikulu a zigawo za dziko lathu, ndi Lichinga yomwe. Kampani ya Movitel, pamene inkayamba ntchito m'chaka cha 2012, inali itayala kale zingwe zotalika makilomita oposa 12,000, zambiri zopachika pa mitengo m'mbali mwa misewu ya kumidzi.

Apa pali chinthu chimene ambiri a ife sitichidziwa. Ife timagwiritsa kale ntchito fibra, ngakhale ilibe kulowa m'nyumba mwathu.

Tikamaimba foni kapena kutumiza uthenga wa WhatsApp, mawu amachoka m'foni n'kuuluka m'mphepo, monga mawu a wailesi, kufikira pa nsanja ya netiweki, imene ambiri timaitcha antena. Ulendo wa m'mphepo ndi waufupi, makilomita ochepa chabe. Pa nsanjapo mawu amalowa m'chingwe cha fibra. Ngati nsanjayo ilibe chingwe, imaponyera mawuwo ku nsanja inzake, ndipo inzakeyo imaponyeranso ina, mpaka apeze nsanja imene ili ndi chingwe. Kuyambira pamenepo, ulendo wonse wautali wopita ku Nampula, ku Johannesburg kapena ku Lisboa umayenda m'galasi.

Umboni wake tinauona pa 12 Meyi 2024. Tsiku limenelo zingwe za SEACOM ndi EASSy zinaduka pansi pa nyanja yamchere, kufupi ndi gombe la South Africa. Anthu a ku Mozambique, Malawi, Tanzania ndi Kenya anavutika ndi intaneti masiku angapo. Ambiri mwa iwo anali asanaonepo fibra ndi maso, koma mafoni awo anafooka.

Tsono funso lathu si lakuti fibra ndi yabwino kapena yoipa. Ndi yabwino. Funso ndi lakuti, kodi chingwecho chilekezere pa nsanja, kapena chifike mpaka pa khoma la nyumba yathu? M'mizinda ikuluikulu monga Maputo, Beira ndi Nampula, makampani monga TVCabo amalowetsa fibra m'nyumba za anthu. Izi ndizo zimene otsatsa malonda amanena.

Mega ziwiri zosiyana

Pali mawu amodzi amene amatisokoneza. Mawuwo ndi akuti mega. Tikagula mamega a foni timati tagula mamega 500. Wogulitsa fibra nayenso amati akutipatsa mamega 500. Mawu ndi amodzi, koma zinthu n'zosiyana.

Tiganize za madzi. Pali kuchuluka kwa madzi amene ali mu ndowa. Palinso kukula kwa paipi imene madziwo akudzeramo. Mamega amene timagula pa foni ali ngati madzi a mu ndowa. Tikawagwiritsa ntchito amatha. Dzina lawo lonse ndi megabaiti, ndipo mamegabaiti 1,000 amapanga giga imodzi. Mamega a wogulitsa fibra ali ngati kukula kwa paipi. Amanena za liwiro, ndiko kuti zinthu zochuluka bwanji zingadutse pa sekondi imodzi. Dzina lawo lonse ndi megabiti. Mamegabiti 8 ndiwo amapanga megabaiti imodzi.

Tiwerengere pamodzi. Fibra ina yothamanga imene amagulitsa m'nyumba imafika mamegabiti 1,000 pa sekondi. Tikagawa 1,000 ndi 8 tipeza 125. Ndiye kuti pa sekondi iliyonse pamadutsa mamegabaiti 125, ndipo giga imodzi imalowa m'masekondi 8. Foni imene ili pamalo pogwira bwino netiweki ya 4G ingathe kulandira mamegabiti 10 kapena 20 pa sekondi. Pa liwiro la 10, giga yomweyo imalowa m'masekondi 800, amene ndi mphindi 13 ndi pang'ono.

Kusiyana kwa masekondi 8 ndi mphindi 13 n'kwakukulu ndithu. Koma tidzifunse: ndi kangati pa mwezi pamene ife timafuna kukopera giga yathunthu nthawi imodzi?

Injini yaikulu pa bwato laling'ono

Tione ntchito zimene timagwira ndi foni.

Timaimbira mwana amene ali ku Nampula kapena m'bale amene akugwira ntchito ku South Africa. Kuimba ndi mawu okha pa WhatsApp sikufuna ngakhale megabiti imodzi pa sekondi. Kuimba moonana nkhope kumafuna imodzi kapena ziwiri. Timafunsa mtengo wa usipa wouma ku msika wa Lichinga tisanakweze matumba pa galimoto. Uthenga wolemba wotere ndi kadontho chabe. Timaona za nyengo kuti tidziwe ngati mwera ukubwera. Timatumiza chithunzi cha maukonde amene tikufuna kuti m'bale atigulire. Timalandira ndalama pa M-Pesa kapena e-Mola, ndipo izi sizifuna n'komwe intaneti. Zimatheka ngakhale ndi kafoni kakang'ono ka mabatani.

Chimene chimadya kwambiri ndi kanema. Kanema wooneka bwino amafuna mamegabiti pafupifupi 5 pa sekondi. Ngakhale anthu atatu m'nyumba imodzi ataonera makanema atatu osiyana nthawi imodzi, afuna 15. Tsono m'paipi ya 1,000 mudzakhala mukudutsa 15, ndipo 985 yotsalayo ili chabe. Koma ndalama ya mweziwo tidzalipira yonse.

Ndiponso kanema wa ola limodzi timamuonera ola limodzi. Liwiro likachuluka, ola silifupika. Mwana wathu wa ku Nampula salankhula msanga chifukwa chakuti tili ndi fibra.

Msodzi aliyense akudziwa kuti injini ya mahatchi 40 ndi yamphamvu kuposa ya mahatchi 15. Koma palibe amene amamangirira injini ya mahatchi 40 ku bwato losema la munthu mmodzi. Injiniyo ilibe cholakwa. Ndi ya boti lalikulu lonyamula chilimila ndi anthu ake, kapena lonyamula katundu kuchoka ku Metangula kupita ku Cobué. Mafoni athu ambiri ali ngati bwato losemalo. Foni yotsika mtengo siingathe kulandira liwiro la 1,000 ngakhale chingwe chitalowa m'chipinda chogona.

Zimene fibra imafuna pakhomo

Chingwe chikafika pa nyumba, amachilumikiza ku kabokosi kotchedwa rauta. Kabokosiko ndiko kamagawira intaneti ku mafoni a m'nyumbamo popanda waya. Kamafuna magetsi usana ndi usiku. Sikadya ambiri, n'chimodzimodzi ndi babu limodzi kapena awiri, koma magetsi akazima nakonso kamazima. Ku Metangula, kumene kuli magetsi a EDM, zimenezi n'zotheka. M'midzi imene timadalira sola yaing'ono yotchajira foni ndi kuunikira madzulo, ndiye kuti tiyambe tagula batire ndi sola yokulirapo.

Chachiwiri, fibra siyenda. Imathera pa bwalo la nyumba. Bambo akapita kukagona ku doko lina potsata usipa, fibra imatsala. Mayi akapita ku munda wa kuphiri nthawi yolima, kapena akakwera galimoto kukagulitsa nsomba ku Lichinga, fibra imatsala. Onsewo adzagulabe mamega a foni. Chotero banja lidzalipira kawiri.

Chachitatu ndicho chachikulu, ndipo tichiganizire bwino. Fibra imalipiridwa mwezi ndi mwezi, mtengo umodzimodzi. Ndalama zathu sizibwera mwezi ndi mwezi. Zimabwera ndi nsomba ndiponso ndi zokolola. Pali miyezi imene mathandala amadzaza usipa. Palinso miyezi ya mwera, kuyambira cha m'Meyi mpaka Ogasiti, pamene nyanja imakalipa ndipo mabwato amakhala pamchenga masiku ambiri. Mwezi wowala nawonso umachepetsa usodzi wa nyali. Mamega a foni amagwirizana ndi moyo wotere. Tikapeza ndalama timagula, tikasowa timaleka, ndipo palibe amene amabwera kudzatilonjerera ngongole.

Tiyerekeze chabe, kuti tiphunzire kuwerengera. Tinene kuti banja limagula mamega a mametikali 100 pa sabata. Pa mwezi ndi 400. Pa chaka ndi 400 kuchulukitsa ndi 12, ndiye 4,800. Tinenenso kuti wina akutiuza kuti fibra ndi mametikali 2,000 pa mwezi. Pa chaka ndi 24,000. Kusiyana kwake ndi 19,200. Manambala awa ndi ophunzirira. Aliyense aike ake enieni, ndipo ndalama yotsalayo aiyerekeze ndi mtengo wa malata, wa ukonde watsopano kapena wa mabuku a mwana wa ku sekondale.

Tisabise mbali inayo. Mamega a foni si otsika mtengo. Munthu amene amagwiritsa ntchito intaneti tsiku lonse, monga wolemba makalata a anthu pa kompyuta kapena wophunzira maphunziro a patali, amawononga ndalama zambiri pogula pang'onopang'ono. Kwa iye, kulipira kamodzi pa mwezi intaneti yosatha kungakhale kopindulitsa. Mtengo wa mamega ndi nkhani imene inagwedeza dziko m'mwezi wa Meyi 2024, pamene bungwe la INCM, loyang'anira za mafoni, linakhazikitsa mitengo yatsopano. Achinyamata anayenda m'misewu ya Maputo kudandaula, ndipo patapita masabata ochepa mitengoyo inaimitsidwa. Taonani kuti anthuwo sankadandaula za liwiro. Ankadandaula za mtengo.

N'chifukwa chiyani chingwe sichifika msanga kuno?

Kampani imawerengera monga ife. Ku Maputo, kilomita imodzi ya chingwe imadutsa pa nyumba mazanamazana, zina zosanjikizana. Kuno midzi yathu inandandalika m'kamzere kopapatiza pakati pa phiri ndi nyanja. Kuchokera ku Lichinga kutsetserekera ku Metangula ndi makilomita oposa 100. Kuchokera ku Metangula kupita ku Cobué msewu ndi wovuta, makamaka nthawi ya mvula. Midzi ina imafikika pa boti kapena wapansi basi. Kukumba ngalande kapena kuzika mitengo mtunda wonsewo chifukwa cha mabanja ochepa olipira, kampani siingabweze ndalama zake. Ndiponso chingwe chikaduka, mmisiri wokalumikiza amachokera kutali ndi makina ake apadera, pakuti galasi silimangidwa mfundo ngati chingwe cha ukonde.

Chotero munthu akabwera m'mudzi n'kunena kuti tilembetse maina ndi kupereka ndalama kuti fibra ibwere, tisapereke. Tiyambe tafunsa kwa mfumu ndi ku ofesi ya boma ku Metangula.

Kumene fibra ili ndi phindu

M'midzi yathu sitinaike paipi ya madzi m'nyumba iliyonse. Tinakumba mjigo umodzi pakati pa mudzi, ndipo tonse timatunga. Fibra nayonso phindu lake limaoneka pamene pali anthu ambiri otunga.

Malo oyamba ndi nsanja ya netiweki. Ambiri taona kuti m'mawa foni imayenda bwino, koma madzulo, anthu onse akabwerako ku ntchito, chithunzi chimakana kutseguka. Nsanja imodzi imagawira anthu mazana nthawi imodzi. Ngati njira yochokera pa nsanjayo kupita ku Lichinga ndi yopapatiza, onse amalimbirana kapaipi kamodzi. Nsanja ikalumikizidwa ku fibra, njira imeneyo imakula, ndipo aliyense wa m'deralo amapindula popanda kulowetsa chingwe m'nyumba. Apa ndi pamene injini ya mahatchi 40 yapeza boti lake.

Malo achiwiri ndi chipatala. Namwino angathe kutumiza zotsatira za magazi kapena chithunzi cha wodwala kwa dokotala wa ku chipatala chachikulu cha Lichinga, n'kulandira malangizo asanaganize zotumiza wodwalayo pa msewu wautali uja. Malo achitatu ndi sukulu. Ana 40 akamagwiritsa ntchito makompyuta nthawi imodzi, aliyense mamegabiti 5, pamafunika 200. Pamenepo liwiro lalikulu lili ndi ntchito. Chimodzimodzi maofesi a boma olembetsa ana obadwa ndi ziphaso, ndiponso malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja.

Ena amva za Starlink, imene inayamba kugwira ntchito m'dziko lathu m'chaka cha 2023. Iyo si fibra. Ndi kambale kamene amaika padenga, kolankhulana ndi makina ozungulira mumlengalenga pa mtunda wa makilomita pafupifupi 550. Siifuna chingwe chochokera ku Lichinga, chotero ingagwire ntchito ngakhale m'mudzi wopanda msewu. Koma zipangizo zake n'zodula, imalipiridwa mwezi ndi mwezi, ndipo imadya magetsi kuposa rauta ya fibra. Nayonso ndi yoyenera sukulu, chipatala kapena gulu la asodzi losonkherana, osati banja limodzi.

M'chaka cha 2023, mwa anthu asanu alionse a m'Mozambique, pafupifupi mmodzi yekha ndiye ankagwiritsa ntchito intaneti. Anayi otsalawo sanalepheretsedwe ndi kuchepa kwa liwiro. Ena alibe foni yake, ena alibe potchajira, ena netiweki siifika kwawo, ndipo ena sanaphunzire kuwerenga uthenga wolembedwa. Chomalizachi ndicho tikulimbana nacho m'kalasi mwathu muno. Pa misonkhano ya m'mudzi, akuluakulu a boma akabwera kudzamva zofuna zathu, tipemphe zinthu motsata kufunika kwake: nsanja kumene kulibe, magetsi odalirika pa nsanjayo, ndi chingwe chofika pa nsanja, pa sukulu ndi pa chipatala.

Tisamale chingwe chimene chilipo

Kumene chingwe chadutsa m'mbali mwa msewu, adani ake ndi atatu. Woyamba ndi moto wa tchire. M'chilimwe tikatentha udzu pansi pa mitengo yonyamula chingwe, pulasitiki imasungunuka ndipo galasi limathyoka. Tilambule udzu kuzungulira mitengoyo tisanayatse moto. Wachiwiri ndi khasu ndi nkhwangwa. Tisakumbe dothi la njerwa pamene pali zizindikiro za chingwe, ndipo podula mtengo tione kumene ugwere.

Wachitatu ndi munthu wodula chingwe poganiza kuti muli mkuwa wogulitsa. Tiwauze ana athu ndi alendo omwe kuti mu fibra mulibe mkuwa. Muli galasi lopanda msika. Wodulayo sapeza kanthu, koma midzi yambiri imakhala yopanda foni, ndipo mayi wodwala usiku sangathe kuitana galimoto ya chipatala.

Tikapeza chingwe chitaduka kapena chitagwa pansi, tisachigwire ku nsonga, pakuti tizidutswa ta galasi timalowa m'khungu ngati minga ndipo sitioneka. Tisasuzumirenso m'kati mwa nsongayo. Kuwala kwa mu fibra sikuoneka ndi maso, koma kungathe kuwononga diso. Ana tiwachotse pamalopo. Tidziwitse mfumu kapena mlembi wa mudzi, ndipo iye atumize uthenga ku kampani, ponena dzina la mudzi ndi mtsinje kapena mlatho umene uli pafupi.